Madzi Oyera Mbee a Amalume

Ana anga, za ubwana wanga ku Chadiza sindilemba. Ndinaweta mbuzi ngati mnyamata wina aliyense, ndipo mbuzizo sizinasiye mbiri yoti munthu n'kutherapo inki. Chimene ndakhalira pansi ndi funso lomwe mwandifunsa kangapo ine n'kumalizemba: bwanji pa ukwati uliwonse ndi pamaliro aliwonse a banja lathu, pampando wa akulu pankakhala ba Mweemba, Mtonga wa kumtsinje, chikhalirecho ife ndife Achewa? Mayi wanu ankakuuzani kuti anali mnzanga wa kuntchito. Sananame, koma nkhaniyo anaidula pakati pofuna kusunga ulemu wa amalume anga. Atatu onsewo anatsogola. Ndatsala ine, maso nawo ayamba kuchita nkhungu, choncho ndilembe dzanja likadamvera.

1965

Ndinatsika sitima pa Kafue chaka chotsatira ufulu, nditanyamula kasutikesi kamalata ndi njala ya ntchito. Amene anandiitana anali amalume anga a Yotamu Mbewe, mlongo wawo wa amayi. Inu obadwira m'tauni mwina simudziwa kulemera kwa malume kwathu. Ndiye mwini mbumba. Ukadwala amayamba kuuzidwa ndi iye, ukafuna kukwatira amakuimira ndi iye. Bambo anga atamwalira, amalumewa ndiwo anandisunga pasukulu. Anali munthu wamtali, wosaseka pachabe, manja awo ali timabala toyera ta asidi tokhatokha. Kuntchito aliyense ankawatchula ba Mbewe.

Anandilowetsa kushedi ya mabatire ya kunjanji, kumene tinkasamalira mabatire a nyale za m'mabogi a sitima ndi a mafoni a pasiteshoni. Tsiku loyamba ndinavala buluku langa la kutchalitchi kuti ndioneke wophunzira. Pofika Loweruka linali mabowo okhaokha ngati sefa. Amalume anangoliyang'ana n'kunena kuti, "Asidi wakupatsa moni." Kuyambira pamenepo ndinamvera malamulo awo. Fodya asayandikire pakhomo. Posakaniza, asidi ndiye amatsata madzi, madzi satsata asidi. Ukatembenuza, maso uwasiya pomwepo. Koma lamulo lalikulu linali la madzi owonjezera, popeza batire likamagwira ntchito madzi ake amachepa. "Batire ndi mwana wakhanda," ankatero. "Samwa za pachitsime, samwa za mu Kafue, samwa za pampopi. Amamwa disitilodi basi." Disitilodiyo anali madzi otcheza, owiritsidwa mpaka kusanduka nthunzi kenako n'kuziziritsidwa, monga amachitira amayi ophika kachasu, kungoti awa saledzeretsa munthu. Ankabwera m'mabotolo aakulu agalasi okutidwa ndi udzu, kuchokera kumwera, kutsidya kwa Zambezi.

Tsiku lina ndinafunsa chifukwa chake madzi a pampopi ankaletsedwa. Anati ali ndi litsiro ndi mchere. Ine ndi kamwa langa losatseka ndinafunsanso kuti nanga litsirolo limakachita chiyani mkatimo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mzungu amene anandiphunzitsa sanandiuze." Apa ndiye panali bala la anthu a msinkhu wawo. Anawaphunzitsa manja, mutu n'kuusiya dala panja. Amalume ankatha kudziwa batire lodwala pongomva fungo ndi mmene likuwirira, koma zaka zonsezo palibe anawatsegulirapo limodzi kuti aone zochitika mkati. Ndalemba izi kuti mukamawerenga zakutsogoloku musafulumire kuwaweruza.

1970

Kafue amene ndinamupeza anali siteshoni, msika, maofesi a Boma ndi udzudzu. Koma m'zaka zochepa chabe tchire linasanduka machumuni. Inamera fakitale yaikulu ya feteleza, inamera ya nsalu, nyumba za antchito n'kundandana mizeremizere. Anthu ankatsika mabasi a ku Lusaka ndi mphasa pamutu, aliyense ndi chinenero chake, pakatha mwezi onse akukamba Chinyanja cha m'tauni. Tinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti dziko likumangidwa ndi manja athu. Sindichita manyazi kunena kuti nane ndinkakhulupirira, ndipo mpaka lero ndikamva wezulo ya fakitale mtima umagunda.

Amalume anaitanidwa kukakhala folomani wa zamagetsi pafakitale ina yaing'ono yopanga matumba ndi zingwe. Dzina lake ndilisiya. Inatsekedwa kalekale, m'menemo tsopano mumapemphera anthu a mpingo wina. Popita ananditenga. Ntchito yanga inali m'chipinda cha mabatire a timagalimoto tonyamula mabelo, timene tinkati akamba chifukwa cha kayendedwe kake. Akamba akaima, katundu sayenda, ndipo fakitale yonse imangokhala manja m'thumba.

Kampani inanditumiza ku Lusaka kukachita kosi ya miyezi ingapo, ndipo kumeneko ndi kumene ndinapeza yankho la funso langa lija. Mphunzitsi anacheka batire pakati n'kutionetsa. Mkati muli mapuleti a mtovu a mitundu iwiri, ena ofiirira, ena otuwa, omizidwa m'madzi a asidi. M'madzimo mumayandama tinthu tosaoneka ngakhale ndi galasi lokulitsa, tonyamula mphamvu ya magetsi, timene ophunzira amati maayoni. Anatiuza kuti ntchito yonse ya batire sichitikira pakati pa madzi, sichitikiranso mkati mwa mtovu, koma pankhope ya puleti, pomwe mtovu wakumana ndi madzi, pamalo popyapyala kuposa khungu la anyezi. Pamenepo maayoni amaunjikana, ena kumamatira, ena kutula zimene anyamula, ena kutenga. Amene afika pankhopepo ndiwo amalamula khalidwe la batire. Pakafika mlendo wosayenera, ngakhale achepe bwanji, puleti imasintha khalidwe. Ndinabwerako ndi satifiketi, n'kukwezedwa kukhala kapitawo wa chipindacho. Ndinayesa kuwafotokozera amalume za maayoni. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Zabwino. Tsopano pita ukapukute mitu ya mabatire, yatuwa."

Pansi panga panali munthu mmodzi yekha, ba Mweemba, wamkulu kwa ine kutalitali. Kwawo kunali kumadambo a mtsinje, banja la asodzi, ndipo iwo ndiwo anali oyamba pamtundu pawo kuvala ovolosi. Ankakhala m'nyumba ya kampani ndi mkazi wawo, ana ochuluka ndi mayi wawo osaona. Popeza nyumbayo inali pafupi ndi geti, ndiwo ankayang'anira chipinda chathu Loweruka ndi Lamlungu. Anali munthu wa nthabwala. Ndikawauza za maayoni ankati, "Ba Phiri, imwe mumaona vintu vamene kulibe. Kwatu muntu wa so timamupeleka ku ng'anga."

1973

Malire a kumwera atatsekedwa, tinadziwa kuti ufulu uli ndi mtengo wake. Sopo anasowa, mafuta ophikira anasowa, amayi ankalawirira pamzere kusitolo asakudziwa n'komwe chimene chabwera. Kwa ife chinasowa ndi disitilodi. Mabotolo agalasi aja anatha limodzilimodzi, ndipo madzi m'mabatire anatsika mpaka mitu ya mapuleti inayamba kuonekera. Manijala wathu anali mwana wa dziko lino, wachinyamata, munthu wabwino ndithu koma woopa mabwana a ku Lusaka kuposa mmene ankaopera Mulungu. Anaitanitsa msonkhano n'kufunsa kuti titani.

Amalume anaimirira. Anati, "Mvula imachokera kumwamba. Siinakhudze dothi, siinakhudze mchere. Mulungu anatcheza kale, ife n'kungotchera." Tonse tinaomba m'manja, chifukwa ngakhale buku la kukosi linkavomereza madzi a mvula pa nthawi ya mavuto. Kwathu kummawa mvula timatchera padenga, ndipo amalume anachita monga kwathu. Anaika ngalande zamalata m'munsi mwa denga la sitolo yakale ya fakitale, denga lofiira ndi ukalamba, natsuka madiramu achitsulo, nagula nsalu yoyera yosefera. Madziwo akadikha ankaoneka oyera mbee. Palibe mmodzi wa ife amene anaganizira za njira imene mvula imadutsa kuchoka kumwamba kufika m'diramu. Akamba anayendanso, fakitale sinaime.

Akuluakulu ena a ku Boma atabwera kudzayendera mafakitale, manijala anawaimika amalume kutsogolo kwa antchito onse monga chitsanzo cha kudzidalira. Anthu anaimba, amayi analulutira, ndipo kuyambira tsikulo dzina lawo linasanduka ba Mvula. Munthu amene anakhala zaka akutchedwa boyi ndi azungu ang'ono kwa iye, tsiku limenelo ndinamuona akumwetulira mpaka mano a kumbuyo. Ndinanyadira kwambiri kukhala mphwawo. Chaka chomwecho ndinapeza mbeta, Esinati, mayi wanu, amene ankaluka kufakitale ya nsalu. Amalume monga nkhoswe yanga anapita kwa makolo ake kukomboni ya Nangongwe, nkhani n'kuyenda bwino, ukwati n'kuikidwa kuti udzachitike mvula ikadzatha chaka chotsatira.

1974

Akamba anayamba kutopa. Lachisanu tinkasiya mabatire atadzaza mphamvu, koma Lolemba tinkawapeza ofooka ngati agwira ntchito sabata yonse. Pofika masana akamba ankaima pakati pa njira, mabelo ali pamsana. Matumba anachedwa, ku Lusaka kunayamba kulira mafoni, ndipo manijala anafuna munthu woti amuloze chala. Masiku amenewo anthu a m'makomboni ankaliza mawailesi ndi magalamafoni ndi mabatire a galimoto, ndipo aliyense wogwira ntchito pafupi ndi magetsi ankapemphedwa kuti awatchajireko. Mlonda wa pageti ananena kuti anaonapo mng'ono wawo wa ba Mweemba atamangirira batire panjinga. Basi, mlandu unapezeka mwini. Anati ba Mweemba amakhetsa mphamvu ya mabatire a kampani Loweruka ndi Lamlungu n'kumadzazira anthu akunja. Anawaimitsa ntchito, mlandu n'kuikidwa Lachisanu la sabata yotsatira. Ine monga kapitawo ndinayenera kukachitira umboni kuti mabatirewo analibe vuto lina lililonse. Munthu akachotsedwa ndi dzina la wakuba, nyumba ya kampani ankatulukamo sabata yomweyo, ndipo panalibe fakitale ina mu Kafue imene ikanamulemba.

Pochoka, ba Mweemba anavula ovolosi n'kuipinda bwinobwino. Nthabwala zinali zitawathera, komabe anayesa. "Ba Phiri, ine nabadwila pa manzi. Nsomba ningabe, nivomela. Manje malaiti ningabe bwanji, niyafake mu thumba?" Kenako anatsitsa mawu. "Ba mayo baja sibaona. Nizabauza chani, ati tiyende kuti?"

Ndinachita chinthu chimodzi chophweka. Ndinatchaja batire limodzi mpaka kudzaza, n'kulichotsa mawaya onse, n'kulitsekera m'kabati, kiyi m'thumba mwanga. Ba Mweemba anali kunyumba, sakanalikhudza. Nditatsegula patapita masiku angapo, linali litafooka chimodzimodzi. Ndinatunga madzi ake pang'ono m'kabotolo, ena ndinatunga m'diramu, n'kupita nawo kulabu. Kumeneko kunali ba Chanda, mtsikana wa Chibemba amene anali atangomaliza kumene maphunziro apamwamba, woyeza utoto wa matumba ndi madzi a kuboyila, kumene ankawiritsa madzi a fakitale. Anathira timadontho ta mankhwala ena opanda mtundu m'madzi a m'batire aja. Nthawi yomweyo anasanduka ofiira ngati magazi. A m'diramu nawo, atawathira kaye kaasidi, anafiirira.

"Awe mukwai," anatero, "kawalala wanu ni uyu. Iyi ni nsimbi, ba Phiri. Yachoka pa malata na mu madiramu." M'Chinyanja cha m'tauni kawalala ndi wakuba, nsimbi ndi chitsulo. Ndinati madziwo timasefa ndi nsalu. Anapukusa mutu. "Nsalu igwila vamene menso yaona. Tudzimbiri tung'ono tupita, tukangena mu asidi tusungunuka." Anatenga pensulo n'kujambula mapuleti awiri. "Ka ayoni ka nsimbi kali monga bwato pa Kafue. Kafika pa puleti iyi, katenga katundu, kawoloka, katula pa puleti ija, kabwelela futi. Sikapumula, sikasila. So batire izidya yeka, olo mwaikomela mu kabati." Ndinafunsa ngati chitsulocho chingachotsedwe. Anati, "Chikangena changena." Madzi akatayika saoleka. Ndinatuluka m'labumo ndikudziwa kuti kuyeretsa dzina la ba Mweemba kunali kudetsa la amalume.

Nkhani yotere sungayambire kuofesi mwini mbumba asanaimve. Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinapita kwawo ku Nangongwe. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, akumata chubu cha njinga. Ndinavula chipewa n'kukhala pansi padothi. Ndinafotokoza zonse, za kabati, za timadontho, za bwato la ba Chanda. Anatenga kabotolo ka madzi a m'diramu kamene ndinabwera nako, n'kukakweza kudzuwa.

"Oyera mbee," anatero. "Iwe ukuonamo chiyani?"

"Maso sangaone, amalume."

Sanatsutse. Anali mmisiri weniweni, ndipo mumtima anali atadziwa kale kuti china chake sichili bwino. Kenako anati, "Mvera. Mabatire atsopano akubwera, adzera njira ya ku Tanzania. Madzi tisintha mwakachetechete, mtsikana wa kulabuyo atithandiza. Mweemba apite kaye. Pakatha miyezi ndikamupezera malo kwa anzanga kunjanji."

"Ndi dzina la wakuba, amalume? Nanga nyumba?"

"Mweemba ndi ndani wako?" Mawu anakwera. "Anakulipirira sukulu ndi Mweemba? Akukakuimira kwa apongozi ndi Mweemba? Chibale ndi fupa, mwana iwe, sichiola." Kenako mawu aja anatsika, ndipo chimene ndinamva pambuyo pake chimandiwawa mpaka lero. "Ndatsala pang'ono kupuma ntchito. Ukufuna ndibwerere kumudzi ngati chitsiru chimene chinapha mabatire a kampani? Anthu onse aja anandiombera m'manja." Ndinakweza maso. Munthu amene ndinkamuopa moyo wanga wonse anali ndi mantha. Anamaliza ndi kunena kuti, "Lachisanu ukayankhe zimene akufunse. Osawonjezera."

Musaganize kuti ndinachoka pamenepo ndili ngwazi. Njira ya amalume inali yosalala. Mabatire atsopano akanagwira bwino ntchito, aliyense akanati taonani, wakuba wachoka zinthu zalongosoka. Ba Chanda anali atandiuza kuti iwo sangadumphe mutu wa folomani. Akaitanidwa adzanena zoona, akapanda kuitanidwa ali ndi ntchito yawo. Zonse zinatsalira ine. Ndinkadya nsima osaimva kukoma. Ndinapita kukamuuza Esinati kuti ukwati wathu ukhoza kusowa nkhoswe. Anandimvetsera ali chiimire pageti la fakitale yawo, thonje lili m'tsitsi. "Ine nikwatiliwa na imwe, osati na ankhoswe," anatero. "Koma mukanama pali baja bakulu, nizaziba. Masiku yonse nizayamba kukuyanganani, niziziba." Mayi wanu sanali munthu wa mawu ambiri, koma ochepawo ankafika pafupa.

Lachisanu m'mawa tinasonkhana mu ofesi ya manijala. Amalume anakhala kudzanja lamanja, chipewa pabondo. Ba Mweemba anaima pafupi ndi chitseko atavala malaya a kutchalitchi. Mlonda ananena zake za njinga. Kenako manijala anatembenukira kwa ine. "Ba Phiri, imwe ndimwe ba kapitawo. Mabatire aya yali na vuto inangu, olo ni kuba chabe?" Liwu limodzi likanakwana. Ndinayang'ana manja a amalume, timabala toyera tija, manja amene anandiphunzitsa kugwira botolo la asidi. Ndinayang'ananso ba Mweemba, amene sankandiyang'ana n'komwe, ngati munthu amene wavomera kale. Ndinati, "Vuto lilipo, bwana. Ndikupempha muitane ba Chanda."

Ba Chanda anabwera ndi timabotolo tawo. Madontho anagwa, madzi anafiira, ndipo anafotokoza za chitsulo mwachidule, osakometsa, osanyoza. Manijala anafunsa kuti, "Manje manzi aya yachoka kuti?" ngakhale yankho ankalidziwa, popeza ndi iye amene anatsogolera kuomba m'manja. Pamenepo amalume anaimirira, wamtali monga mwa masiku onse, nati, "Madziwo ndinabweretsa ndine. Mweemba sanabe kanthu." Anavala chipewa n'kutuluka. Podutsa pamene ndinakhala sanandiyang'ane.

Ba Mweemba anabwerera kuntchito Lolemba. Amalume anawachotsa pa ufolomani n'kuwaika kusitolo kuti azipereka mabawuti ndi mawaya. Dzina lija la ba Mvula, limene linali ulemu, linasanduka chitonzo. Anyamata ankati akawaona n'kumayang'ana kumwamba ngati kukubwera mitambo. Za madzi, ba Chanda anapeza njira yoziziritsa nthunzi ya kuboyila m'machubu agalasi, vuto n'kutha. Tsiku lina anandiuza kuti amalume akanatchera mvulayo pabwalo, m'mabeseni apulasitiki, osadutsa padenga, mabatire sakanafa. Nzeru yawo inali yoona. Chimene chinawapereka ndi denga ndi madiramu basi, ndipo zimenezi zinandiwawa kuposa zonse.

Patapita masiku, akazi awo a amalume anabwera kwanga. Anakana kulowa m'nyumba. Anati, "Akuti upeze nkhoswe ina." Uthenga unafikanso kumudzi, ndipo kumudzi nkhani sinali ya chitsulo ndi mapuleti ayi. Inali yakuti mphwawo wa a Mbewe wavula amalume ake pagulu chifukwa cha munthu wa mtundu wina. Amayi anga analira. Abale amene analonjeza kubwera ku ukwati anayamba kudwala mmodzimmodzi. Amalume sanadikire nthawi yawo yopuma; chaka chisanathe analongedza katundu n'kubwerera ku Chadiza osanditsanzika.

Kutatsala pang'ono kuti ukwati uchitike, ndinamva kugogoda. Anali ba Mweemba, atavala jekete lobwereka, manja ake ofika m'zigongono. "Ba Phiri, namvela ati mulibe muntu wokuimililani," anatero. "Mwambo wanu siniuziba bwino, Chichewa changa nichokota-kota. Koma mendo nili nayo. Ningaimilile." Anandiimiradi ngati nkhoswe. Apongozi anadabwa, koma anawalandira. Kuyambira pamenepo, mayi wanu ndi ine tikasemphana mawu ankabwera ndi iwo. Inu mukabadwa ankayamba kuuzidwa ndi iwo. Pampando uja sanadziikepo okha, ndipo palibe tsiku limene anauchititsa manyazi.

1988

Zaka zonsezo moni wanga kwa amalume sunkayankhidwa. Ndikapita kumudzi ankapezeka kuti apita kudimba. Pamaliro a amayi tinakhala mbali ziwiri za bwalo limodzi ngati alendo. Ine ndinkati ndinachita bwino, ndipo mpaka lero ndikutero, koma kuchita bwino sikunandiletse kuwasowa. Ndinkati ndikamaphunzitsa anyamata atsopano kuti asidi ndiye amatsata madzi, ndinkamva mawu awo m'kamwa mwanga.

Chaka chimenecho fakitale yathu inayamba kudwala matenda amene anadzaipha, ndipo anatipatsa tchuthi chokakamiza. Ndinamva kuti amalume afooka. Ndinakwera basi osauza munthu kumudzi, kuti asapeze mpata wopita kudimba. Ndinawapeza masana atakhala pakhonde la nyumba yawo yamalata, ataonda, ndodo pambali. Pakona ya nyumbayo panali ngalande, pansi pake diramu. Ndinavula chipewa n'kukhala pansi monga tsiku lija. Ndinapereka moni. Anayankha moniwo, maso ali pa mbuzi.

Kenako anadzuka movutikira. Ndinafuna kuwathandiza, anandikaniza ndi dzanja. Anatenga kapu yagalasi pawindo, napita padiramu paja, natunga. Anabwerera pang'onopang'ono, naikweza kudzuwa.

"Ukuonamo chiyani?"

"Sindikuonamo kanthu, amalume."

"Inenso sindinkaonamo kanthu," anatero.

Misozi inandilengeza. Iwo anakhala pansi, kapu ili m'manja. "Mweemba ali moyo?" Ndinati ali moyo, akadali m'nyumba yomwe ija, mayi wawo anamwalirira momwemo, mwana wawo wamkulu ndi mphunzitsi. "Anakuimira bwino?" Ndinati anandiimira bwino. Anagwedeza mutu kangapo, ngati munthu amene wamva kuti katundu amene anamusiya panjira anafika. Kenako anandipatsira kapu ija ndi manja awiri.

"Imwa," anatero. "Iwe sindiwe batire."

Madziwo ankamveka dzimbiri. Ndinamwa onse.